Mapiritsi a agogo angamuthandize mwana wa zaka 11?

Nankhoma: Abale anga pa gulu pano, amene akudziwa andithandize. Mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 11, amupeza ndi shuga. Anagonekedwa, pano watuluka, koma amupatsa jakisoni woti azibaya m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse. Nkhani yavuta kunyumba. Agogo ake akhala ndi shuga zaka zambiri ndipo amangomwa mapiritsi, ndiye akuti kubaya mwana tsiku ndi tsiku ndi nkhanza, bola azimubenthulira piritsi lawo. Mayi ake asokonezeka, akungolira. Kodi zingatheke?

aBanda a ku Area 25: Pepani aNankhoma. Ine shuga ndili naye, ndimamwa metformin kawiri pa tsiku ndipo ndili bwinobwino, sindinabayepo. Mwina madokotalawo afulumira. Akanayamba amuyesa pa mapiritsi kaye.

Malume a ku Joni: Jakisoni ukangoyamba ndiye basi, thupi limazolowera. Mupatseni chamwamba, muzimusinjira m'phala. Kuno anthu akugula m'mabotolo modula pomwe kwathu changomera kuseri kwa bafa.

Anesi Nambewe: Ndili pa ntchito koma iyi sindingaidikirire. ANankhoma, imbani foni pompano muwauze achemwali anu asadumphitse jakisoni ngakhale kamodzi, ndipo piritsi la agogo lisamukhudze mwanayo. Ndifotokoza bwino ndikapuma. Koma imbani kaye.

Nankhoma: Ndaimba anesi. Wamadzulo wabaya kale.

Admin: Tiyeni tiwadikire anesi. Amene mukutumiza zithunzi za masamba muyambe mwaima.

Wa ku Chinamwali: Podikira anesi ndiyankhuleko ine, chifukwa ndine mwini wake wa matendawa. Anandipeza ndili Fomu 1. Zinayamba ndi ludzu, ndinkamwa madzi mpaka anzanga kumandiseka, usiku kumangodzuka kukataya madzi, tsiku lina ndinakodza pogona ndili mnyamata wamkulu kale. Ndinkadya kwambiri koma thalauza kumangovuka. Zonsezi m'masabata ochepa chabe. Kenako ndinayamba kusanza, m'mimba kupweteka, kunyumba anati malungo, anandigulira mankhwala a malungo ku golosale. Pomwe ankandinyamula ndinali ndikupuma mwabefu, sindikuzindikira aliyense. Amayi amati m'kamwa mwanga munkatuluka fungo la zipatso zovunda. Anandiika dripi ndi insulin, ndinatsitsimuka. Pano ndili ndi banja, ndimagwira ntchito, ndimasewera mpira Loweruka. Ndimabaya tsiku lililonse ndipo ndidzabaya moyo wanga wonse. ABanda, piritsi lanulo kwa ine palibe chimene lingachite.

Nankhoma: Zimene mwanenazo ndi zomwezo ndendende. Naye anayamba kukodza pogona, mayi ake mpaka anamukalipira poganiza kuti ndi ulesi.

aBanda a ku Area 25: Koma nanga si shuga ndi shuga yemweyo? Ine ndimaona ngati kusiyana kwake n'koti wina wakwera kwambiri, wina pang'ono.

Anesi Nambewe: Ndapuma tsopano. Bambo Banda, chimene chimafanana n'choti shuga wachuluka m'magazi. Koma chochititsa n'chosiyana, n'chifukwa chake mankhwala akenso ndi osiyana.

Tikadya nsima, mbatata, mpunga, buledi, zonsezo thupi limazisandutsa shuga n'kulowa m'magazi. Shugayo si mdani, ndiye mphamvu imene timayendera. Koma kuti achoke m'magazi alowe m'minofu pamafunika insulin, imene imapangidwa ndi kachiwalo kotchedwa pancreas kamene kali kuseri kwa chifu. Tiyerekeze katundu amene watsika pa depoti. Insulin ndiye wakabaza womufikitsa kunyumba. Mitundu ikuluikulu ya shuga ndi iwiri, type 1 ndi type 2. Mu type 1 akabaza kulibiretu, katundu wangounjikana pa depoti pomwe kunyumba anthu akugona ndi njala. Mu type 2 akabaza alipo, koma akafika eni nyumba akuchedwa kutsegula geti, ndipo pakapita zaka akabazawo amatopa n'kuyamba kuchepa.

Ndiye taonani mapiritsi. Metformin amene mumamwa inuyo amathandiza thupi kumvera insulin imene muli nayo kale, komanso amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri. Glibenclamide, amene agogo ambiri amalandira, amakakamiza pancreas kutulutsa insulin yowonjezera. Onsewa amadalira kuti insulin ikhalepo. Mwana wa type 1 tizigawo timene timapanga insulin tinawonongeka. Mukakamiza chiyani? Akasiya kubaya, thupi limayamba kuotcha mafuta ake omwe pofuna mphamvu, magazi amadzaza asidi, ndiye kusanza ndi kupuma mwabefu kumene anena achimwene a ku Chinamwali kuja. Zimenezo zimapha m'masiku ochepa, si nkhani ya miyezi.

Abiti Saidi: Mayo ine. Nanga n'chiyani chimawononga tizigawoto mwa mwana wosalakwa?

Anesi Nambewe: Nthawi zambiri ndi chitetezo cha m'thupi mwake momwe, chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi tizigawo take tomwe ngati ndi tizilombo. Ndikati chitetezo musathamangire ku HIV, sizikugwirizana. Si chifukwa choti ankadya maswiti, si kulephera kwa mayi ake, ndipo pakadali pano palibe njira yodziwika yopewera type 1. ANankhoma, mawu amenewa muwauze achemwali anu, chifukwa amayi ambiri amadziimba mlandu.

Malume a ku Joni: Nanga insulin yomweyo bwanji osangoipanga piritsi? Apa pali bizinesi ya azungu apa.

Anesi Nambewe: Mukaimeza imagayidwa m'mimba monga momwe imagayikira nyama kapena dzira, siifika m'magazi ili yamoyo. N'chifukwa chake timabaya pansi pa khungu.

Aphunzitsi a ku Dedza: Malume, za bizinesizo tiyeni tione mbiri. Insulin inapezeka mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, ndi Frederick Banting ndi Charles Best mothandizana ndi anzawo. Chisanafike chaka chimenecho mwana akapezeka ndi shuga wa mtundu uwu makolo ankangodikira maliro, madokotala ankangomumana chakudya kuti atalikitseko masiku. Woyamba kubayidwa anali mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, mu January 1922, ali pafupi kufa, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 13. Tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, 14 November, ndi tsiku lobadwa la Banting. Kudula kwa insulin m'maiko ena ndi nkhani yoona ndipo tikhoza kuikamba, koma mankhwalawo pawokha ndi amene akusunga ana.

Malume a ku Joni: Aphunzitsi mukangopeza mpata ndiye kalasi yayamba kkkk

Wa ku Chinamwali: Pali msampha wina umene ndikufuna aNankhoma audziwiretu, chifukwa ndinauona ndi maso. Mwana akayamba kubaya, pakatha masabata angapo shuga amatha kukhazikika bwino kwambiri, mpaka kuchipatala kumuchepetsera mlingo. Zimatero chifukwa tizigawo tochepa timene tatsala timapezako mpumulo n'kugwira ntchito kwa kanthawi. Apa ndi pamene abale amati wachira, ena amati mapemphero ayankhidwa, ena amati ndi zitsamba zija. Mtsikana wina amene tinkakumana ku kiliniki anamusiyitsa jakisoni nthawi ngati imeneyi atapita naye kokapemphereredwa. Sitinamuonenso pa mzere. Ine ndimapemphera, ndimaimba kwaya, koma ndimabaya ndisanapite ku tchalitchi.

Nankhoma: Iii ayi, zimenezi ndiye zikanatipeza ndithu. Agogo akewo ndi amayi a mvano olimba.

Anesi Nambewe: Musalimbane nawo agogowo. Atengeni tsiku la kiliniki akamve okha, ndiponso aphunzire kubaya, chifukwa tsiku lina mayi ake adzachokapo. China chofunika kwambiri: aliyense pakhomopo, ngakhale aphunzitsi ake ku sukulu, adziwe zizindikiro za shuga wotsika. Mwana akabaya koma osadya, kapena wasewera kwambiri, amayamba kunjenjemera, thukuta, njala yadzaoneni, kuyankhula zosamveka ngati waledzera. Pa makina oyezera shuga zimakhala pansi pa 70. Msungunulireni masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, kapena theka la tambula ya Fanta, dikirani mphindi 15, kenako adye chakudya. Akakomoka musamuthire kanthu kukamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamanga naye. Ndipo akadwala malungo kapena china chilichonse, ngakhale akukana kudya, jakisoni sasiya. Pitani naye akamuone.

Abiti Saidi: Munthu wa shuga kumupatsanso shuga? Ndikanamuona wina akutero ndikanamulanda kapu.

Wa ku Chinamwali: Ine m'thumba mwanga simusowa maswiti, mayi. Anthu amadabwa.

Nankhoma: Nanga kusunga kwake? Kumudziko kulibe firiji, ndipo ngakhale m'tauni magetsi ake ndi omwewa.

Wa ku Chinamwali: Ife tinkagwiritsa ntchito mtsuko. Mumathira mchenga wonyowa mu mtsuko wadothi, kabotolo ka insulin mumakaika m'kachitini kotseka bwino n'kukakwirira mumchengamo, mtsukowo pakona pozizira, mchenga ukauma mumawaza madzi. Chachikulu isaombedwe ndi dzuwa, isakhale pafupi ndi moto. Amene muli ndi firiji musaike mu freezer, ikaundana yawonongeka. Komanso azisinthasintha pobaya, lero pamimba mbali iyi, mawa pantchafu, chifukwa ukamabaya malo amodzi pamatuluka chotupa cholimba ndipo mankhwala salowa bwino.

aBanda a ku Area 25: Chabwino, za mwanayo ndamva. Koma ndiye mwandiopseza. Ku kiliniki anandiuza kuti shuga wanga akapitiriza kukwera adzandiika pa jakisoni. Ndiye kuti type 2 wanga akusanduka type 1?

Anesi Nambewe: Ayi bambo, sasanduka. Type 2 amayenda pang'onopang'ono. Pancreas imakhala ikugwira ntchito mopitirira muyeso kwa zaka, kenako imafooka, mapiritsi okha osakwanira, ndiye timawonjezera insulin. Mumakhalabe wa type 2. Ndipo zimene amanena anthu zoti jakisoni ndiye kutsanzika, zimachokera poti ambiri amakana mpaka impso zitawonongeka, maso atachita khungu, ndiye akavomera mochedwa n'kumwalira anthu amaloza jakisoni.

Ine type 2 ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mwa anthu 10 alionse a shuga, 9 ndi a mtundu umenewu, ndipo sachita phokoso. Munthu amatha zaka akuyenda naye osadziwa. Amabwera ndi chilonda chapaphazi chimene chakana kupola, kapena dzanzi ndi kutentha kumapazi usiku, kapena maso akuona mwachimbuuzi. Amayi ena amabwera ndi kuyabwa kumaliseche kosatha, kunyumba akhala akuwachiza mauka. Abambo ena chimene chimawabweretsa ndi mphamvu za m'nyumba zikachepa, ndipo amayamba azungulira kwa asing'anga onse. Tikayeza timapeza shuga ali m'mwamba, BP nayo ili m'mwamba. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi shuga. Ndipo mu Africa muno oposa theka la amene ali naye sadziwa.

Nangondo ku Leeds: Moni nonse, ndangoweruka kumene. Anesi, nambala zanuzo zikundisokoneza. Mwati 70 ndiye wotsika, pomwe kuno agogo amene ndimawasamalira akafika pa 15 timaimbira dokotala.

Anesi Nambewe: Ndi miyeso iwiri, achemwali. Makina ena amawerenga mg/dL, ena mmol/L. Kwanuko ndi ku Joni ndi mmol, kuno timakumana ndi onse awiri. Mukachulukitsa mmol ndi 18 mupeza mg. Munthu woyezedwa asanadye kanthu, 7.0 mmol kapena 126 mg kupita m'mwamba ndiye shuga, ndipo timabwereza tsiku lina kuti titsimikize. Woyezedwa nthawi ina iliyonse ali ndi zizindikiro, 11.1 kapena 200. Palinso kuyeza kwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, pamenepo malire ndi 6.5%. Amene mumatumizira makolo timakina kuchokera kunja, muziwauza kuti kakuwerenga muyeso uti. Ndinaonapo bambo wina atakhala phee ndi 22 poganiza kuti ndi wotsika, akumwa thobwa kuti akwere.

Nangondo ku Leeds: Mwandikumbutsa, amayi ndinawatumizira kotere. Ndiwaimbira mawa.

Abiti Saidi: Ine wanga unali wa pathupi. Mwana wachitatu, ku sikelo anandipeza shuga wakwera miyezi isanu ndi umodzi itakwana. Ndinadabwa chifukwa sindinkamva kalikonse. Anandiuza ndichepetse mpunga ndi tiyi wa shuga, ndiziyenda ndikadya. Mwana anabadwa wa makilo 4 ndi kanthu, apongozi anavina kuti ndabereka chimphona. Nditachira anandiyezanso, anati watha. Ndiye ine ndili mtundu uti?

Anesi Nambewe: Umenewo ndi mtundu wakewake, Abiti. Mahomoni a pathupi amapangitsa thupi kusamvera insulin, makamaka kuyambira masabata 24 mpaka 28, ndipo mwa amayi ena pancreas imalephera kukwaniritsa. Shuga wa mayi amadutsa kupita kwa mwana, n'chifukwa chake amakula kwambiri. Apongozi anavina, koma ife azamba mwana woposa makilo 4 amatidetsa nkhawa: mapewa amatha kukanirira pobadwa, ndipo akangobadwa shuga wake amatha kutsika. Kwa ambiri amathadi akabereka. Koma musatayirire, amayi amene anadwalapo shuga wa pathupi ambiri amadzapezeka ndi type 2 patsogolo. Muziyezetsa ngakhale mukumva bwino, ndipo mukadzaimanso mukanene msanga ku sikelo.

Abiti Saidi: Kudzaimanso ayi, atatu akwana kkkk. Koma kuyezetsa ndipita.

Aphunzitsi a ku Dedza: Funso langa ndi ili. Timamva kuti type 2 ndi wa anthu onenepa, a mimba za mabwana, okhala mu ofesi. Koma kumudzi kwathu kuli anthu oonda, olima tsiku lonse, sanalawepo soseji, ali ndi shuga. Zimatheka bwanji?

Anesi Nambewe: Kunenepa, makamaka kwa pamimba, kukhala osagwira ntchito yotulutsa thukuta, msinkhu, ndi mtundu wa kubanja, zimenezi zimakoka type 2 ndithu. Koma kuno kwathu timaona odwala ambiri oonda, ndipo si onse amalowa bwino m'magulu awiri aja. Pali shuga amene amagwira achinyamata oonda amene anakula ndi njala kuyambira ali m'mimba kapena ali aang'ono, pancreas yawo sinakule mokwanira ndiye imapanga insulin yochepa. WHO inauika m'ndandanda mu 1985 n'kuuchotsa mu 1999 poti umboni unali wochepa, koma mu April 2025 bungwe la International Diabetes Federation pa msonkhano wake ku Bangkok linauvomereza n'kuutcha type 5. Palinso shuga wobwera chifukwa pancreas yawonongeka ndi mowa wa zaka zambiri, ndi wobwera ndi mankhwala ngati prednisolone, amene anthu amangogula okha akamva kuphwanya m'thupi. Palinso akuluakulu ena amene amafika ali kwakayakaya ngati a type 1, tikawaika pa insulin miyezi ingapo amadzatha kukhala pa mapiritsi. Koma wosankha zimenezo ndi dokotala amene akuyeza, osati msonkhano wa banja.

aBanda a ku Area 25: Ine chimene chimandivuta ndi nsima. Anandiuza mgaiwa, ndinasiya woyera. Koma shuga osatsika kwenikweni.

Nangondo ku Leeds: Mitanda ingati bambo? Tiyambire pamenepo.

aBanda a ku Area 25: Aaa, mwamuna ndi mitanda itatu, inayi pakakhala chambo.

Anesi Nambewe: Ndiye yankho mwalipereka nokha. Mgaiwa ndi wabwino chifukwa gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, koma ndi chimanga chomwecho. Mitanda inayi ya mgaiwa ndi shuga wambiri kuposa umodzi wa woyera. Theka la mbale likhale masamba, bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, therere, mbali ina nyemba kapena usipa, nsima itenge kagawo kotsalako. Thobwa, maheu, Sobo, juwisi wa m'mabokosi, zimenezo zimakweza msanga kuposa nsima. Uchi nawo ndi shuga, musanamizidwe. Ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana mapazi anu, pakati pa zala pomwe, musamayende opanda nsapato, musamaothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula chifukwa dzanzi likayamba mukhoza kupsa osamva.

Malume a ku Joni: Ndiye chamwamba changa mwachitaya basi?

Anesi Nambewe: Ngati ndiwo, idyani malume, ndi masamba abwino. Ngati cholowa m'malo mwa insulin kapena mapiritsi, ayi.

Malume a ku Joni: Chabwino. Ndifunseko za mnzanga wina amene timayendetsa naye thiraki. Akuti usiku amadzuka kangapo kukataya madzi, pa msewu amangoima-ima, kukhosi kumauma ngakhale amwe Coke wa malita awiri. Lamba wabwerera mabowo awiri koma akudya bwino. Bambo ake anadulidwa mwendo kumudzi. Angakhale type chani ameneyo?

Nangondo ku Leeds: Malume, si inu munatiuza chaka chatha kuti bambo anu anadulidwa mwendo?

Admin: ANangondo, asiyeni malume afunsire mnzawoyo mwamtendere.

Anesi Nambewe: Mnzanuyo mtundu wake sitingaudziwire pa foni, koma zizindikirozo ndi za shuga wokwera, ndipo poti akuonda asadikire kubwera kumudzi pa Khirisimasi. Coke ameneyo akungowonjezera ludzu, asinthe amwe madzi. Kumeneko kiliniki iliyonse ngakhale ma pharmacy ambiri amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala. Akapeza 11.1 kapena kuposa, apite kwa dokotala tsiku lomwelo, asakwere thiraki. Akayamba kusanza kapena kupuma movutika, imeneyo ndi ya ku emergency, usiku omwewo. Ngati akufuna kuyezetsa kwa m'mawa, agone osadya maola 8.

Malume a ku Joni: Tiyi wopanda shuga angamwe asanapite?

Anesi Nambewe: Madzi okha. Ndipo akauze adokotala za mwendo wa bambo akewo.

Malume a ku Joni: Lachitatu tili pa depoti ku Germiston, palibe ulendo. Apita.

Anesi Nambewe: Lachitatu ndi kutali malume. Mawa.